Nkhata Yofiira Yopita ku Nacala

Ntchito yanga ndi kujambula kanema wa maukwati. Ndili ndi kachipinda ku Limbe, kuseri kwa mashopu a pikulitsa, mmene ndimakhala pa kompyuta n'kumadula malo amene akuchikazi akukangana ndi akuchimuna pa nkhani ya mipando. Zolowa pansi pa madzi ndinaziphunzira mwamwayi chabe, chaka china pamene anthu ofufuza za nsomba ananditenga kunyanja miyezi iwiri kuti ndiziwajambulira mbuna. Anandiphunzitsa kupuma ndi silinda kumsana, anandipatsa kachiphaso, ndipo pochoka anandisiyira kakamera kokhala m'kabokosi kosalowa madzi. Ndinakaponya m'kabati n'kukaiwala.

Wodziwa za madzi kwathu anali mng'ono wanga Yohane. Anayamba ngati wowotcherera zitsulo ku Makata, kenaka anamva kuti ku Nacala, ku Mozambique, akufuna anthu owotcherera pansi pa nyanja, basi n'kupita. Agogo athu anachokera mbali yomweyo kalekale, wapansi, kudzathyola tiyi ku Thyolo, ndiye amayi ankati mwanayo wangobwerera kwawo. Anagwirako zaka zinayi. Tsiku lina anatsika kukakonza unyolo wina wa padoko ndipo sanatulukenso. Anamufunafuna sabata yathunthu osamupeza.

Maliro tinalira ku Mpingwe popanda bokosi. Anthu anabwera, kwaya inaimba, abambo mfumu anachita misa, koma itakwana nthawi yopita kumanda panalibe kopita, anthu anangoyamba kutsanzika mmodzimmodzi. Amayi sanalire kwambiri tsiku limenelo. Chowavuta chinadza pambuyo pake, mu Novembala, pamene anzawo a mpingo ankadutsa pakhomo ndi makasu ndi nkhata popita kukalambula manda a abale awo. Amayi ankatseka makatani.

Patatha chaka mnzake wa Yohane, dzina lake Amade, ananditumizira uthenga pafoni. Iye ndi anzake a pantchito anaumba mtanda wa simenti, analembapo dzina, n'kuutsitsa pamalo amene Yohane anaonekera komaliza, mamita khumi ndi asanu ndi atatu pansi pa madzi. Ndinakawauza amayi.

“Ndiye kuti manda alipo,” anatero.

“Alipo, koma ali pansi pa nyanja.”

“Iwe Fosi umalowa m'madzi. Ukaikepo nkhata, ujambule, ndidzaone.”

Iwo sakanatha kupita. Miyendo inawatupa kalekale, ngakhale kutchalitchi amachita kutengedwa pa galimoto ya aneba. Koma manja ali bwinobwino, ndipo anali telala moyo wawo wonse. Pa zovala za Yohane anasungapo ziwiri zokha: malaya ofiira a kwaya ndi ovolosi yabuluu ya ku Makata. Ovolosiyo anaitambasula, anaiyang'ana, n'kuibwezera m'sutikesi.

“Yabookabooka ndi moto. Sindingaike zotere pamanda.”

Malaya aja anawadula tizidutswa, n'kusoka maluwa limodzilimodzi kwa masabata atatu, kenaka anawamangirira pa waya wokulungiza. Nkhata inatuluka yaikulu ngati lichero, yofiira psuu.

Ine ndinali ndi nkhawa imodzi. Madzi amadya mitundu, ndipo woyamba kudyedwa ndi wofiira. Ukamatsika umaona chinthu chofiira chikuzilala m'manja mwako momwemo. N'chifukwa chake ojambula pansi pa madzi amaika fyuluta, kagalasi ka mtundu kovundikira diso la kamera. Kakamera kanga kanabwera ndi atatu, omangika pa kahinji koti umangogwetsa kapena kukweza ndi chala: wapinki wa madzi obiriwira ngati a nyanja yathu, wofiira wa madzi abuluu a nyanja yamchere, ndi wina wa olenji wa posaya. Wapinki ndinkamudziwa bwino. Wofiirayo ndinali ndisanamugwiritsepo ntchito.

Ndinapempha manijala wa hotela ina mu tauni, kumene ndimajambula maukwati kawirikawiri, kuti ndilowe m'damu lawo losambiramo m'mawa alendo asanadzuke. Ndinatenga kansalu kotsala ka malaya aja, ndinamira nako, ndinajambula. Kanatuluka kofiira ngati tomato. Ndinathamangira ku Mpingwe kukawaonetsa amayi.

“Idzaoneka chonchi?”

“Chomwechi, amayi.”

“Ukunena zoona?”

“Ndikulonjeza.”

Damu la hotela ndi lakuya mamita awiri. Zimenezo ndinkazidziwa, kungoti sindinafune kuziganizira.

Tsiku lonyamuka anandipatsa malamulo atatu: nkhata isaikidwe pansi, isakwere padenga la galimoto, ndipo munthu asaikhalire. Anaonjeza kuti ndikafika pamandapo ndikapemphere. Ndinavomera zonse osadziwa kuti ndavomera kunyamula lichero pamiyendo masiku awiri.

Pa depoti ya Limbe ndinafika kukungocha. Woitanira wina ananditsekera njira.

“Muloza boda, madala, watsala mmodzi, ikunyamuka pompano.”

Anagwira chikwama changa, koma ataona chimene chinali m'dzanja linalo anachisiya msanga n'kuvula chipewa.

“Pepani madala. Zovuta zili kuti?”

“Kutali.”

Mu minibasi munalidi modzaza, koma nditangokhala pansi anthu anayi anatsika n'kukalowa mu ina yopanda kanthu. Anali a ganyu yokhalira mipando. Tinadikira maola awiri. Kondakitala anafuna kuti nkhata ipite kubuti pamodzi ndi matumba a kabichi, ine ndinakana, ndipo tinagwirizana kuti ndilipire mipando iwiri. Nkhata inakhala pampando wake ngati munthu kuchokera ku Limbe mpaka pa Bvumbwe. Pamenepo kondakitala anakweza mayi wina wa thupi ndithu n'kunena kuti, “Tangoinyamulani pang'ono, madala, akutsika pompa.”

Mayiyo sanatsike pompa. Ankapita ku Nampula kukapikula zitenje, ulendo umene amayenda mwezi ndi mwezi, ndipo dzina lawo anali mayi Esinta. Tisanafike pa boma la Thyolo anali atadziwa kale kumene ndimakhala, chifukwa chimene sindinakwatire, ndi mwini wake wa nkhata.

“Pansi pa madzi?”

“Eya.”

“Nanga nsomba sizikadya?”

“Kaya.”

“Komatu yasokedwa bwino. Awa si manja a ana a masiku ano.”

Titangodutsa Luchenza tayala lakumbuyo linaphulika. Dalaivala anaimitsa bwinobwino, tonse tinatsika, ndipo zinadziwika kuti sipeya nayo ilibe mpweya. Kondakitala anakwera njinga ya kabaza ndi matayala onse awiri kubwerera ku Luchenza. Tinakhala m'mbali mwa msewu, ena pa matumba awo, ena pa udzu. Ine ndinangoima, chifukwa ndikanati ndikhale ndikanafuna poika nkhata, ndipo paliponse panali pansi. Bambo wina wa jekete anayamba kufotokoza mmene minibasi zinkayendera kale. Palibe amene ankamvetsera, koma sanaleke. Kenaka kunayamba chiperoni. Mayi Esinta anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kufunditsa nkhata.

“Inganyowe,” anatero.

Ndinafuna kuwakumbutsa kumene ikupita, koma ndinangothokoza.

Tinafika pa Muloza dzuwa litapendeka kale. Mbali yathu anadinda mosavuta. Kutsidya kwa mlatho, mkulu wa pakauntala anatsegula chikwama, anapeza kakamera, n'kuyamba kufunsa m'Chipwitikizi. Ine Chipwitikizi changa chimathera pa moni. Chilomwe chimene agogo ankatikalipira nacho ndimangomva mawu otukwana okha. Mayi Esinta ndiwo anandimasulira.

“Akuti timagalasiti n'tachiyani?”

“Auzeni kuti n'tobwezera mitundu pansi pa madzi.”

Mkuluyo anakweza kofiira kaja, anakaika padiso, n'kuyang'ana phiri la Mulanje pawindo. Anaitana mnzake kuti naye aone. Kenaka analoza nkhata.

“Akuti mtembo uli kuti, ndipo mapepala ake ali kuti?”

“Auzeni kuti mtembo sunapezeke.”

Mayi Esinta anayankhula nthawi yaitali kuposa mawu amene ndinawapatsa. Sindikudziwa zimene anaonjeza. Mkuluyo anabwezera kagalasi m'malo mwake mosamala, anadinda, n'kundipatsa pasipoti ndi manja awiri.

Kuchoka pa boda kukafika ku tauni ya Milange tinakwera njinga za kabaza. Dzanja limodzi linagwira chishalo, lina chikwama, ndipo nkhata inasowa pokhala. Ndinaivala m'khosi. Ana a sukulu amene tinawadutsa anandiombera m'manja, ndikuganiza ankayesa ndapambana mpikisano wina wake.

Ku Milange minibasi za kumeneko amazitcha chapa, koma khalidwe lake ndi lomweli la ku Limbe. Ya ku Mocuba inali itangonyamuka. Yotsatira inali ndi anthu atatu ndi mbuzi. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, tinadya buledi wa kumeneko wolimba kunja, tinamwa madzi a m'majumbo. Mayi Esinta anagona tulo atatsamira chikwama changa. Ine ndinatulutsa timagalasi tija n'kumayang'ana nkhata kudzera m'kamodzikamodzi, ngati kuti pamenepo pali chimene ndingaphunzirepo. Pamtunda chinthu chofiira chimaoneka chofiira basi, kaya uyang'ane ndi galasi lanji.

Tinagona ku Mocuba pa resitihausi ina pafupi ndi depoti. Nkhata ndinaipachika pa msomali wa neti, udzudzu n'kundidya.

Basi ya ku Nampula inanyamuka m'mamawa. Inali yaikulu, ya mipando yothina, ndipo inkaima pamudzi uliwonse. Pa Alto Molócuè panakwera agogo ena ndi nkhuku ziwiri zomanga miyendo, n'kukhala pampando wa kumbuyo kwathu. Ndinasinza pang'ono. Ndinadzidzimuka mayi Esinta akundigwedeza, ndipo ndinaona nkhuku imodzi itasolola khosi pakati pa mipando, duwa lofiira lili kukamwa. Nkhuku ndi chinthu chofiira siziyanjana. Tinalimbana nayo, agogo aja akupepesa m'chinenero chimene sindinkachimva bwino, mpaka inalavula. Duwalo linali litamasuka ulusi wonse.

Ndinakwiya kwambiri, kuposa mmene nkhaniyo inaliri. Mayi Esinta anatenga nkhata ija. Anasolola singano m'mphepete mwa duku, anakoka ulusi pa chitenje chawo, n'kuyamba kusoka basi ikuyenda. Ali mkati mosoka anandiuza za amuna awo. Anamwalirira ku Joni, anaikidwa konko, ndipo anzawo anangotumiza chithunzi cha manda pafoni. Foniyo inabedwa mu msika wa Limbe chaka chomwecho.

“Panopa ndikati ndikumbukire, sindidziwa ngati panali mtengo kapena ayi,” anatero. “Ndiye inu mukajambule bwino. Mayi anuwo chimene mukawapatse ndi chomwecho, alibe china.”

Anadula ulusi ndi mano n'kundibwezera nkhata.

Tinasiyana ku Nampula, pa depoti yodzaza fumbi. Anandilozera chapa ya ku Nacala, anauza kondakitala kuti andipatse mpando wakutsogolo, n'kulowa m'chigulu cha anthu. Sindinawafunse nambala ya foni, ndipo ndimadandaula mpaka pano.

Msewu wa ku Nacala ndi wabwino. Chinatichedwetsa ndi sitima ya malasha pafupi ndi Monapo, yaitali mwakuti dalaivala anazimitsa injini, anatsika, anagula mtedza wa kashu, anadya, n'kubwera isanathe kudutsa. Nyanja ndinaiona koyamba pakati pa nyumba ziwiri tikutsetsereka kulowa mu tauni. Inali yabuluu kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo zimenezo sizinandisangalatse.

Amade anandichingamira pa depoti. Ndi munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, Msilamu, ndipo Chichewa chake anachiphunzira kwa Yohane, ndiye amayankhula ngati wakulira ku Makata. Kunyumba kwake mkazi wake anatiphikira mpunga wa nazi. Titadya ndinavundukula nkhata. Amade anaiyang'ana nthawi yaitali.

“Yofiira,” anatero.

“Anali malaya ake a kwaya.”

“Ndikuwadziwa, anali nawo pachithunzi. Koma achimwene, pansi paja palibe chofiira.”

“Ndili ndi fyuluta.”

Ndinamuonetsa onse atatu. Wapinki ndi wa olenji anawakankhira pambali, wofiira anamutembenuzatembenuza.

“Uyu ndi woyenera madzi athu. Koma sapanga mtundu wofiira, amangochepetsa buluu kuti chofiira chimene chatsala chioneke. Mamita khumi, bhobho. Pamene pali Yohane chofiira chatha kale. Achepetsa buluu, koma aonetsa chiyani?”

“Ndiye nditani?”

Analowa kuchipinda n'kubwera ndi tochi yaikulu ya pantchito.

“Iyi imabwera ndi chofiira chake. Mukaunika pafupi, nkhata ioneka ngati mmene ilili apa. Koma kumbali konse kuda. Ndipo musayatse tochi fyuluta ali padiso, zonse zioneka ngati kubutchala.”

Ndiye panali kusankha. Ndi fyuluta ndikanaonetsa malo onse, mtanda, mchenga ndi nsomba, koma nkhata yozilala. Ndi tochi ndikanaonetsa nkhata yeniyeni, koma m'kamalo kakang'ono. Boti tinabwereka la m'mawa umodzi wokha, masana kumabwera mphepo, ndipo aliyense anali ndi silinda imodzi. Amade anati pansipo tikhala mphindi makumi awiri, zikachuluka.

M'mawa mwake tinatuluka padoko ndi mwini boti. Sitinapite patali, magalimoto a m'tauni ankaonekabe. Amade anayang'ana nsanja ina kumtunda, anayang'ana phiri mbali inayo, n'kuuza mwini boti kuti aponye nangula. Ndinali nditatha zaka zitatu osavala silinda, ndipo madzi amchere ndinali ndisanawalawepo. Ndinachita mantha. Ndinakoleka nkhata kumkono wamanzere, kamera kudzanja lamanja, tochi m'chiuno, n'kugwa chagada mmene anandiphunzitsira.

Tinatsika pogwira chingwe cha nangula, Amade patsogolo. Ndinayatsa kamera, ndinagwetsa fyuluta wofiira, koma maso anga anali pa nkhata. Poyamba inali yofiira. Titatsika pang'ono inakhala ngati njerwa. Pa mamita khumi inali ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinayang'ana pa kagalasi koonera ka kamera ndipo pamenepo inali ikadali yofiirirako, mtima unakhala pansi pang'ono. Tinapitiriza kutsika. Makutu anawawa, ndinatsina mphuno, anatseguka. Mapazi atagunda mchenga ndinayang'ananso kumkono. Ndinali nditanyamula nkhata yotuwa ngati phulusa la mbaula.

Mtanda unali pomwepo, wofika m'chiuno, utapendekeka pang'ono. Unali utamera ndere, ndipo tinsomba tachikasu tinkalowa ndi kutuluka kuseri kwake. Amade anatulutsa kaburashi n'kupukuta pakati mpaka zilembo zinaoneka. Anali atalembapo kuti YOHANE, osati mwa Chipwitikizi. Ndinamupatsa nkhata, anaikoleka pa mtanda, n'kuimanga ndi waya mbali zitatu, mwa ntchito yake.

Ndinabwerera m'mbuyo n'kujambula ndi fyuluta. Malo anatuluka bwino: mchenga woyera, madzi owala, tinsomba tija, dzina lowerengeka. Nkhata inali ngati dzimbiri. Mwa kusowa pogwira ndinayesa wapinki, madzi onse anasanduka a mtundu wa pepo, ndinamuchotsa msanga. Kenaka ndinakweza onse n'kuyamba kumasula tochi m'chiuno. Chingwe chake chinakodwa, ndinalimbana nacho mwina theka la mphindi, kamera ikujambulabe yokha, popanda fyuluta, popanda kuunika.

Tochi itayaka malaya a Yohane anabwerera. Anali ofiira psuu, ngati tsiku limene amayi anamaliza kusoka, duwa lililonse ndi ulusi wake. Ndinasendera pafupi mpaka nkhata inadzaza chithunzi chonse. Pamenepo ndinakumbuka za pemphero. Ndi paipi ya mpweya kukamwa munthu sungatchule mawu, ndiye ndinapemphera chamumtima, ndipo pakati pake ndinasokoneza n'kuyambiranso. Ndinamva chisoni chimene sindinachimve tsiku la maliro ku Mpingwe. Kulira m'magalasi a m'madzi n'kovuta, misozi imasowa kopita. Amade anandigwira phewa n'kundionetsa geji ya mpweya. Ndinazimitsa tochi, tinayamba kukwera.

Za pobwerera palibe zambiri. Msewu unali womwewo, kudikira komweko, kungoti manja anali opanda kanthu ndipo ndinkangodzidzimuka ngati ndaiwala chinthu. Pa boda mkulu uja sanalipo.

Ku Limbe ndinadzitsekera m'kachipinda kanga masiku awiri. Ndinachita zimene ndimachita ndi ukwati uliwonse: zoipa ndinadula. Ndinayamba ndi boti, kenaka kutsika kufika pamene nkhata inali ikadali yofiirirako, kenaka mtanda ndi tinsomba Amade asanaikepo nkhata, kenaka n'kudumphira pa tochi. Dzimbiri lija ndi phulusa lija sizinalowemo. Amene akanaonera akanati pansi pa nyanja ya Nacala pali nkhata yofiira. Ndinali nditasunga lonjezo langa, ndipo ndinanyadira ndithu mmene ndinalumikizira.

Lamulungu masana, atabwera ku misa, ndinalumikiza kompyuta ku wailesi ya kanema ku Mpingwe. Amayi anavala magalasi, anakokera mpando pafupi. Sanafune kuti ndiitane aneba. Anaonera boti. Mtanda utaoneka anachita chizindikiro cha mtanda. Dzina litaoneka anawerenga ndi milomo yokha. Nkhata itadzaza chithunzi anasendera pafupi kwambiri.

“Imitsa. Duwa ili si ine ndinasoka.”

Ndinawafotokozera za nkhuku ndi za mayi Esinta. Anayang'anitsitsa.

“Ali ndi manja abwino,” anatero. “Pitiriza.”

Anaonera mpaka kumapeto, kenaka anati ndibwereze. Kachiwiri anaonera atagwira chibwano. Atafika pa nkhata paja analoza m'mphepete mwa chithunzi, pamene kuwala kunkathera.

“Ukutu kwada. Unali kuunika ndi chiyani?”

“Ndi tochi ya Amade.”

“Tochiyo unaisiya komweko?”

“Ayi, tinabwera nayo.”

“Nanga panopa, pamene palibe tochi, ikuoneka bwanji?”

Ndinayamba kufotokoza za fyuluta, za mamita, za mmene madzi amadyera mitundu. Anandisiya ndiyankhule mpaka ndinasowa chonena.

“Fosi, ine sindine kasitomala wako wa ukwati. Ndionetse chimene maso ako anaona.”

Ndinachita manyazi. Ndinatsegula pamene ndimasunga zodula, ndinapeza theka la mphindi lija, n'kuliyatsa. Chithunzi chinkagwedezeka chifukwa cha kulimbana kwanga ndi chingwe. Zonse zinali zabuluu, mchenga, mtanda, dzanja la Amade. Nkhata inali yotuwa, yovuta kuisiyanitsa ndi simenti.

Amayi sanalire. Anaonera mpaka tochi inayaka, anati ndibwerere m'mbuyo, anaoneranso.

“Ndiye Yohane akuiona chonchi.”

Anatembenukira kwa ine.

“Unadziwa usanapite?”

“Ndinkakayikira.”

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi chitenje.

“Ndi mtundu uti umene umafika pansipo osafa?”

“Wabuluu.”

“Wabuluu umaoneka popanda tochi?”

“Umaoneka. Ndi wokhawo umene umatsala.”

Anagwira mkono wa mpando n'kudzuka pang'onopang'ono. Ndinafuna kuwathandiza, anandikankha dzanja. Analowa kuchipinda, ndinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi. Anatuluka ndi ovolosi ya ku Makata, anakhala pansi, anaiyala pamiyendo, n'kuyamba kupapasa ndi chala kufunafuna pamene moto sunaboole.

“Tandipatsa sizasi,” anatero. “Ili pa mashini.”